Masipuling'i, labala kapena makoyilo: ngolo ya tenti ikhale pa chiyani?

Pogula ngolo yokagonera kutchire kuno ku Johannesburg, maso amathamangira pa tenti, pa kabati ya mbale ndi pamalo oika furiji. Wogulitsanso amayambira komweko. Koma chimene chidzakufikitseni ku Cape Maclear kapena kukusiyani m'mbali mwa msewu kuseri kwa Nyamapanda chili pansi, pamene ambiri safuna kugwada kuti aone. Ngolo zopangidwa muno, monga za Venter, Jurgens, Conqueror, Echo ndi Bush Lapa, nthawi zambiri zimakhala pa imodzi mwa mitundu itatu ya sasipenshoni (zida zimene zimanyamula ngolo pa matayala n'kuchepetsa kugwedezeka), ndipo iliyonse ili ndi msewu wake.

Ife a ku Malawi ulendo wathu ngosiyana ndi wa anzathu a muno. Iwo Lachisanu amapita kumapaki a nyama a Pilanesberg kapena Dinokeng, Lamlungu abwerako. Ifenso timapita kumeneko, koma mu Disembala ngolo yomweyo imalunjika kumudzi: msewu wa N1 mpaka Beitbridge, kenako Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete, kukatulukira pa Mwanza. Ndi makilomita pafupifupi 1,700 kukafika ku Blantyre, ndipo ngoloyo imakhala itadzaza ndi katundu wa abale pamwamba pa zogonera. Kuyerekeza kwangaku kwatsamira pa ulendo umenewo.

Ekiselo ya labala ndithane nayo msanga. Ndi mpope wa ngodya zinayi, mkati mwake muli zingwe zonenepa za labala zimene zimafinyika tayala likagunda bampu. Kupatula mabering'i a matayala, siifuna girisi, siichita phokoso, tayala lililonse limagwedezeka palokha, ndipo ngolo imakhala yotsika ndi yokhazikika pa phula. Pa N1 palibe chodandaula. Vuto limayamba pamsewu wafumbi umene wachita mizeremizere ngati malata: labala uja amafinyika kosalekeza, amatentha, m'kupita kwa nthawi amatopa, ngolo n'kupendekera mbali imodzi ndipo tayala limayamba kudyeka m'mphepete. Zikafika pamenepo palibe makaniko wa pamsewu amene angaitsegule n'kuikonza. Nthawi zambiri mankhwala ake ndi kugula ekiselo ina yonse. Ngati maulendo anu amathera m'makampu a paphula, itengeni mtima uli m'malo. Ngati mukulota za Nyika, ipitirireni.

Mpikisano weniweni uli pakati pa masipuling'i osanjikiza ndi makoyilo.

Masipuling'i osanjikiza tonse timawadziwa, ndi omwe aja ali kumbuyo kwa Hilux ndi malole. Ekiselo imodzi yolimba imadutsa kuchoka tayala ili kufika linalo, yamangidwa ndi mabawuti opindika ngati U aja, ndipo zitsulo zosanjikizanazo zimagwira chasisi malo awiri mbali iliyonse. Kulemera kumagawika, n'chifukwa chake zimapirira katundu. Chimene ndimazikondera kwambiri n'chakuti zikawonongeka zimachenjeza ndipo zimalola kukonzedwa. Chitsulo chimodzi chikathyoka zinzake zimagwirizira. Mukhoza kumanga ndi waya kapena lamba, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pa tauni yotsatira. Ku Tete, ku Mwanza, ku Ndirande, ngakhale pa boma la Rumphi, mupeza munthu wodziwa sipuling'i ndi wowotcherera amene akonza chogwirira chimene chang'ambika. Sadzafunsa dzina la kampani imene inapanga ngoloyo.

Zoipa zake zilipo ndithu. Tayala limodzi likagwa m'dzenje, linzake limamva. Ekiselo ija imadutsa pakati, ndiye pamsewu wa mchenga umene uli ndi mtumbira pakati imakhula pansi. Ndipo masipuling'i opanda mashoku amadumphitsa ngolo, makamaka ikakhala yopepuka. Kudumpha kumeneko n'kumene kumamasula mabawuti a makabati, kuswa mazira ndi kufupikitsa moyo wa furiji. Ngolo zambiri zotsika mtengo zimatuluka m'fakitale zopanda mashoku.

Makoyilo, masipuling'i ozungulira aja, ndi nkhani ina. Tayala lililonse lili pa mkono wakewake, umene umagwira chasisi kutsogolo n'kumakwera ndi kutsika pa koyilo ndi shoku, nthawi zina mashoku awiri. Pakati palibe ekiselo, choncho mimba ya ngolo imatalikira pansi. Pamisewu yogwedeza ngati ya ku paki ya Kgalagadi, kapena uja wochoka ku Rumphi kukwera ku Chelinda pa Nyika, kusiyana kwake kumaoneka pagalasi: ngolo imatsatira galimoto mwaulemu, osavina. Katundu wa mkati amafika ali momwe munamuikira. Pa kufewa kokha, makoyilo apambana, ndipo sindikangana ndi aliyense pa zimenezo.

Koma koyilo payokha siitha kudziletsa kugwedezeka. Masipuling'i osanjikiza amakhulana okhaokha ndipo kukhulanako kumachepetsako kudumpha, pamene koyilo imadalira shoku kotheratu. Shoku ikatentha n'kutaya mafuta, ngolo imayamba kunjanja ndipo muyenera kuchepetsa liwiro kwambiri. Mkono uja ukapindika pogunda dzenje lalikulu, tayala limaloza kumbali n'kudyeka lisanafike kutali, ndipo kuuwongola bwino kumafuna zipangizo zoyezera. Mabushi ndi mikono nthawi zambiri zimakhala za kampani yomweyo imene inapanga ngolo, ndiye sipeya muyenera kuitanitsa kuchokera kuno. Onjezani mtengo, umene ndi wokwera kuposa wa mitundu ina ija, komanso kulemera kwa zitsulo zake kumene kumadya gawo la katundu amene mukanatha kunyamula.

Tsono kwa munthu wopita kumudzi chaka ndi chaka, ine ndimasankha masipuling'i osanjikiza okhala ndi mashoku abwino. Kwa amene maulendo ake ambiri ndi a m'mapaki a muno ndi Botswana, thumba likulola, ndipo amanyamula zinthu zosachedwa kusweka, makoyilo ndalama yake imamveka.

Funso lina limene limabwera kawirikawiri n'lakuti, kodi ndigule ngolo yotsika mtengo kenako ndidzasinthe sasipenshoni, kapena ndidikire ndigule yokonzeka kale? Apa pamafunika kusiyanitsa kusintha kwakung'ono ndi kwakukulu. Kuika mashoku pa ngolo ya masipuling'i, kusintha mabushi, kuika ekiselo yonenepako yokhala ndi mabering'i akulu, zimenezi ndi ntchito zomveka ndipo malo ochitira ntchito zotere ndi ambiri kuno ku Gauteng. Koma kuchotsa masipuling'i n'kuwotchererapo mikono ya makoyilo pa chasisi imene sinapangidwire zimenezo, ndimakana. Mphamvu yonse imene inkagawika m'malo anayi imakaunjikana pa chitsulo chimodzi chopingasa, ndipo chasisi yopyapyala imayamba ming'alu pafupi ndi pamene anawotcherera. Ngati mtima uli pa makoyilo, gulani ngolo imene inabadwa nawo. Komanso musanakhudze chilichonse pa ngolo yatsopano, funsani wogulitsa kuti akulembereni ngati waranti ikhalabe, chifukwa makampani ambiri salandiranso dandaulo la chasisi imene wina waiwotcherera.

Cholakwika chimene ndimachiona kwambiri pakati pathu ndi kuika masipuling'i olimba kuposa muyeso, poganiza kuti ngolo izinyamula zambiri. Sipuling'i yolimba kwambiri siipindika, ndiye bampu iliyonse imapita yonse m'chasisi, m'mabering'i ndi m'katundu. Pobwerera ku Joni ngolo ili yopepuka, m'pamene imadumpha koopsa. Chinanso, kusintha masipuling'i sikusintha nambala ya GVM, kulemera kololedwa kwa ngolo ndi katundu wake yense, imene ili pa kachitsulo ka pa ngolo ndi pa mapepala ake. Wapolisi ndi a inshuwalansi amawerenga nambala imeneyo. Chotsani kulemera kwa ngolo yopanda kanthu pa GVM, chotsalacho ndiye katundu wanu yense, ndipo kumbukirani kuti malita 100 a madzi ndi makilogalamu 100 musanaike batire, botolo la gasi ndi furiji.

Nambala yomweyo ikukhudzanso laisensi yanu. Muno mu South Africa laisensi ya Code B imalola kukoka ngolo imene GVM yake siipitirira makilogalamu 750. Kupitirira apo mufunika Code EB, ndipo ngoloyo iyenera kukhala ndi mabuleki ake. Ngolo zambiri za kutchire, makamaka za makoyilo, zili pamwamba pa 750. Yang'anani khadi lanu musanapereke dipoziti.

Kaya mwasankha mtundu uti, pemphani kuti matayala ndi marimu a ngolo afanane ndi a galimoto yokokayo. Hilux, Fortuner, Ranger ndi D-Max zokwera m'mwamba zija zili ndi mabowo 6 pa muyeso wa mamilimita 139.7, ndipo opanga ngolo ambiri amaika mahabu (pomangirira rimu) otere mukawauza poyitanitsa. Yesani rimuyo pa galimoto ndi pa ngolo pomwe, popeza bowo la pakati ndi kuya kwa rimu zimasiyana pakati pa makampani. Zikagwirizana, tayala lapadera la ngolo lithandiza galimoto, la galimoto lithandiza ngolo. M'bokosi la zida musasowe mabering'i a tayala limodzi, girisi ndi mabawuti opindika awiri. Pa ngolo yatsopano mabawuti amenewa amalefuka masipuling'i akakhazikika, choncho mukaima ku Polokwane kuthira mafuta gwadani muwamangenso, ndipo ikani dzanja pa habu iliyonse. Yofunda ili bwino, koma imene ikuotcha dzanja itseguleni pomwepo musanalunjike ku Musina.