Malo odyera a kuseri kwa msika ku Salima, komwe gulu lathu lakhala likukumana

Kusukulu, ku yunivesite ku Lilongwe, gulu lathu lokambirana Mawu a Mulungu limakumana Lachitatu lililonse madzulo m'kalasi yochita kupempha. Ndakhala ndikulitsogolera kwa zaka ziwiri. Sukulu itatsekera, tinapezeka kuti anayi mwa ife kwathu ndi kuno ku Salima, ndipo titafunsafunsa pa WhatsApp panatulukira enanso ophunzira ku Zomba, ku Mzuzu ndi mmodzi wa ku Thyolo. Tonse tinakwana 11. Chinasowa ndi pokumanira.

Kutchalitchi kukanatheka, koma tchalitchi cha ndani? Pakati pathu pali a CCAP, Akatolika, a Anglican awiri, wa Seventh Day ndi achipentekoste. Mukalowa m'nyumba ya mpingo umodzi, eni mpingowo amasanduka eni nkhani, enawo n'kukhala alendo, ndipo mlendo satulutsa zakukhosi. Ku Senga Bay n'kokongola, koma ndi makilomita pafupifupi 20 kuchokera m'tauni, ndipo ndalama yoyendera sabata ndi sabata mwana wasukulu sangaipeze. Mnzathu wina ndiye anatilondolera ku malo odyera a mayi ena kuseri kwa msika, poyandikana ndi chigayo. Takumanapo kasanu ndi kawiri tsopano, choncho zomwe ndikulembazi si zongomva.

Mukamalowa simungaone chachilendo. Chipinda chakutsogolo chili ndi matebulo anayi, TV pakhoma ndi ndowa yosambira m'manja pakhomo, sopo ali pomwepo. Chuma cha malowa chili kuseri. Kuli khonde la malata, pambali pake mtengo wa nimu womwe umaponya mthunzi kuyambira masana, ndipo pakati pali tebulo limodzi lalikulu lozungulira. Ndi chigudumu chathabwa chija amakulungirapo mawaya a magetsi, anangochigoneka n'kuchipala bwino. Anthu 11 timakwanapo mothithikana, zigongono kugundana.

Tsiku loyamba ndinafunsa mtengo wa malo. Amayiwo anapukuta manja pachitenje n'kunena kuti, "Mwanawe, ine malo sindigulitsa, ndimagulitsa tiyi. Imwani tiyi, mukhale mpaka dzuwa lilowe." Pangano lathu ndi lomwelo mpaka lero. Aliyense amagula kanthu, kaya ndi kapu ya tiyi ndi mandasi awiri, ndipo sanatiyang'anepo ndi diso loti tichoke.

Tebulo lija ndi limene landichititsa kulemba. M'kalasi ya kusukulu madesiki onse amayang'ana kubolodi. Amene waima kutsogolo, afune asafune, amayamba kulalikira, ndipo ena amangovomera "ameni". Ndakhala ndikulimbana nazo zimenezi zaka ziwiri, kufunsa mafunso n'kumayankhidwa ndi anyamata atatu omwewo. Patebulo lozungulira palibe kutsogolo. Wotsogolera amakhala pampando wofanana ndi wa aliyense, nkhope zonse zikuonana, ndipo wokhala chete amaonekera msanga kuti ali ndi mawu pakamwa.

Lachitatu lachinayi tinawerenga Luka 15, nkhani ya mwana wolowerera. Ndinafunsa funso limodzi lokha: m'nkhaniyi, ndani akufanana ndi iwe? Anthu anatchula mwana wamng'onoyo monga mwa nthawi zonse. Kenaka mlongo wina wa chaka choyamba, yemwe semesita yonse kusukulu sindinamvepo mawu ake kupatula popemphera, anati iye ndi mkulu uja anakana kulowa m'nyumba. Anafotokoza akuyang'ana m'kapu yake kuti iye ndi woyamba kubadwa, anakhala chaka chathunthu osapita kusukulu, akugulitsa usipa pamsika kuti mng'ono wake wamwamuna alembe Fomu 4. Mnyamatayo anathawa mayeso asanayambe, ndipo atabwerera patatha miyezi isanu kunyumba anamuphera nkhuku. "Ine palibe anandifunsapo kuti watopa kapena ayi," anatero, n'kusiyira pomwepo.

Tonse tinangoti zii. Nthawi yomweyo Amayi anali akubwera ndi fulasiki yachiwiri. Ndinawaona ataima pakhomo la khonde, n'kuyang'ana nkhope zathu, kenaka n'kubwerera nayo kukhitchini mwakachetechete. Anadzabwera patapita mphindi ngati 20, titayamba kuyankhulana. Ulemu wotere sulembedwa pamndandanda wa zakudya, koma kwa gulu ngati lathu ndi umene umafunika kuposa fani kapena mipando yawofuwofu.

Za chakudya. Tiyi ndi wamkaka weniweni, wotentha, ndipo shuga amakupatsani padera. Mandasi amakazinga m'mawa, choncho pofika 3 koloko amakhala atalimbako. Zitumbuwa ndiye zimatuluka m'mafuta masana, itanitsani zimenezo. Ndi kutentha kwa Okutobala kuno kunyanja, ambiri tasamukira ku juwisi wa malambe wozizira, wokoma osati wothira madzi ambiri. Thobwa limakhala bwino masiku ambiri, ngakhale tsiku lina linali litasasa ndipo titanena anatisinthira osatsutsa. Kawiri tadya nsima pamodzi. Chambo chake amakazinga chathunthu, khungu lokhukhuta, mkati mofewa, ndi nkhwani wotendera pambali. Koma chambo n'chodula, ndipo muyenera kuitanitsa m'mawa kuti akachigule. Novembala akayamba, makoka amaletsedwa panyanja kuti chambo chiswane, ndiye musadzadabwe chikadzasowa. Thumba likapepuka, utaka wowotcha ndi nyemba zimakhutitsa bwino lomwe. Kulipira mutha kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba, zomwe zimatithandiza chifukwa timasonkha kwa munthu mmodzi.

Nkhumba saphika. Makasitomala awo ambiri ndi Asilamu, monga mudziwa mmene Salima alili, ndipo nyama amagula kubutchala ya halaal. Ifenso tinagwirizana kuti khondelo si tchalitchi. Timaimba kolasi imodzi motsitsa mawu poyamba, osaomba m'manja, ndipo pemphero lotsekera amapereka munthu mmodzi, osati onse nthawi imodzi. Palibe wadandaulapo.

Zovuta zilipo ndithu. Chigayo chija chikalira, wowerenga amachita kukuwa, ndipo nthawi zambiri chimazima cha m'ma 4 koloko. Ife tinangosintha: ola loyamba ndi la tiyi ndi kufunsana za kunyumba, kuwerenga kumayamba chigayo chikatonthola. Tsiku la mpira chipinda chakutsogolo chimadzaza ndipo phokoso limafika kuseri. Soketi pakhonde ndi imodzi, pomwe theka la gulu limawerenga Baibulo pafoni, ndiye bwerani mutatchaja. Babu lake n'lofooka, magetsi akazima kumada msanga, choncho pofika 6 koloko timakhala tatseka. Chimbudzi n'choyera koma chilibe loko wolimba, ndipo alongo adandaulapo kawiri. Ndawauza Amayi, alonjeza kukonza. Wotumikira ndi mtsikana mmodzi yekha, ndiye chakudya chikachedwa musamukalipire, akuthamanga zipinda ziwiri.

Mtsikanayo ndimuyamikire pa chinthu chimodzi. Ataona kuti timayala mabuku, anayamba kupukuta tebulo kawiri, ndi nsalu yonyowa kenaka youma, tisanafike. Pamakhala Buku Lopatulika, lija linatuluka koyamba mu 1922, lomwe limati Yehova, pambali pake Buku Loyera la mu 1998 lomwe limati Chauta, ndi ena a Chingerezi. Ine ndimakonda kuti ndime imodzi iwerengedwe m'mabuku awiri, chifukwa pomwe mawu asiyana m'pomwe mafunso abwino amabadwira. Palibe buku lathu lomwe lanyowapo kapena kudetsedwa ndi mafuta.

Ngati muli ndi gulu la anthu osapitirira 12, malowa akukwanirani. Mukapitirira pamenepo simukwana patebulo, komanso kuona kwanga gulu lotere liyenera kugawidwa pawiri, apo ayi amanyazi sadzayankhula. Kaonaneni ndi Amayi pasadakhale, makamaka ngati mukufuna nsima. Tsiku lake sankhani la pakati pa sabata. Ife tinakana Lachisanu madzulo chifukwa mbale wathu wa Seventh Day amakhala atayamba Sabata, ndipo Loweruka ambiri amakhala kukwaya.

Lachitatu likubwerali ndi lomaliza tisanabwerere kusukulu. Taitanitsa kale kampango ndi mpunga, ndipo mlongo uja ndi amene wavomera kutsogolera Luka 16.