Apache, Nginx kapena Caddy: yoika pa seva ya kunyumba yokhala ndi mawebusaiti angapo

Chiyambireni kuyendetsa mawebusaiti atatu pa laputopu yakale yomwe imakhala pamwamba pa kabati kuchipinda kwanga, anzanga sasiya kundifunsa kuti, "Aise, ndiike Apache kapena Nginx?" Masiku ano ena akumawonjezerapo Caddy. M'malo moyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp, ndati ndilembe kamodzi. Mapulogalamu atatu onsewa, omwe ntchito yawo ndi kupereka mawebusaiti kwa alendo kuchokera pa seva, ndawagwiritsapo ntchito pa makina omwewa, a Ubuntu, okhala ndi RAM ya 4GB. Zomwe zilipo ndi webusaiti ya kwaya ya kutchalitchi kwathu yomwe ili pa WordPress, ya shopu yosoka zovala ya mlongo wanga yomwe ndi masamba wamba a HTML, ndi Nextcloud momwe banja lathu limasungiramo zithunzi za zinkhoswe ndi maukwati.

Za liwiro sinditaya nazo nthawi. N'zoona kuti Igor Sysoev analemba Nginx, yomwe inatuluka mu 2004, pofuna seva yotha kulandira anthu 10,000 nthawi imodzi osabanika. Koma webusaiti ya kwaya siidzaona khamu lotere. Chomwe chidzakuchedwetseni kunyumba ndi intaneti yanu potumiza zinthu kunja, osati pulogalamu yomwe mwasankha. Pa RAM, Nginx ndi Caddy ndi zopepuka kuposa Apache yoyenda ndi mod_php (chida choyendetsera PHP, chilankhulo chomwe WordPress ndi Nextcloud zinalembedwamo), koma pa 4GB zonse zimakwana.

Nkhani yeniyeni ili pa ma virtual host, njira yoyendetsera mawebusaiti angapo pa seva imodzi. Ganizirani puloti imodzi yokhala ndi nyumba zalendi zitatu, geti lake limodzi. Getilo ndi adiresi yanu ya IP, pa port 80 ndi 443. Mlendo akafika amatchula dzina la yemwe wamudzera, ndipo woyang'anira geti amamulozera khomo. Browser imachita chimodzimodzi: imatumiza dzina la webusaiti mu mzere wotchedwa Host, womwe unakhala wokakamiza kuyambira pa HTTP/1.1 mu 1997, ndipo pa HTTPS dzinalo limatsogola kudzera mu SNI kuti seva idziwe satifiketi yopereka, chikalata chotsimikizira browser kuti webusaitiyo ndi yeniyeni. Mapulogalamu onse atatu amachita zimenezi bwinobwino. Pomwe amasiyana ndi apa: mlendo akatchula dzina lomwe silili pa mndandanda, amamulowetsa khomo liti? Funso limeneli ndinaliphunzira movutikira.

Ndinayambira pa Apache, ndipo mpaka lero ndimaikonda. Ilipo kuyambira mu 1995, kotero vuto lililonse lomwe mungakumane nalo wina analipeza kale n'kulemba yankho lake. Pa Ubuntu mumalemba fayilo imodzi pa webusaiti iliyonse mu /etc/apache2/sites-available, n'kuikamo ServerName ndi DocumentRoot, kenako n'kuiyatsa ndi lamulo la a2ensite, basi. Ingokumbukirani kuti dzina la fayilo lithere ndi .conf, apo ayi siiwerengedwa. Ine ndinalemba kwaya.conf, telala.conf ndi zithunzi.conf, n'kuzimitsa 000-default.conf poganiza kuti ndi zinyalala chabe.

Patapita milungu ingapo, Loweruka m'mawa, mlongo wanga anaimba foni mawu ali m'mwamba. "Achimwene, mwandichita chiyani? Kasitomala akuti webusaiti yanga ikumuuza kuti ndi yoopsa, ndiye atadina kuti apitirire waona zithunzi za kwaya!" Inali nyengo ya maukwati, ndipo iye anali atangosindikitsa makadi a shopu n'kugawa kwa anthu ambiri. Pa makadipo adiresi inayamba ndi www. Ine ndinali nditalozetsa dzina la www ku nyumba kwanga mu DNS, kaundula wolumikiza mayina a mawebusaiti ndi ma IP, koma mu telala.conf ndinaiwala kulemba mzere wa ServerAlias, wotchula mayina ena a webusaiti yomweyo. Apache ikalandira dzina lomwe silikufanana ndi lililonse, imapereka virtual host yoyamba kuwerengedwa, ndipo mafayilo amawerengedwa motsatira alifabeti. Nditachotsa 000-default.conf, k wa kwaya ndiye anakhala patsogolo pa t ndi z. Aliyense wolemba www ankalandira satifiketi ya kwaya, browser n'kumuchenjeza ndi tsamba loopsa lija, akalimba mtima n'kupeza ndandanda ya mapulakatisi a nyimbo m'malo mwa madiresi.

Zimenezi zinalembedwa momveka m'malangizo a Apache, ndipo wosiya mzere uja ndinali ine. Koma zinandiwawa kwambiri, chifukwa sindikudziwa kuti ndi makasitomala angati anabwerera pa chenjezo lija osanena kanthu. Munthu wofuna kulipira dipoziti ya diresi la ukwati akaona mawu akuti tsamba ili si lotetezeka, sabwereranso. Kukonza kunanditengera mphindi zochepa: lamulo la apache2ctl -S linandionetsa poyera kuti default server ndi kwaya. Kuchokera tsiku limenelo ndimasiya fayilo yoyamba ndi 000 yomwe ntchito yake n'kukana alendo osadziwika, ndipo ndisanauze munthu kuti webusaiti yake yatheka ndimayesa dzina lililonse, la www ndi lopanda www, pa foni ya data osati pa Wi-Fi ya m'nyumba.

Mkwiyo wa tsiku limenelo ndi womwe unanditengera ku Nginx. Kumeneko virtual host amaitcha server block, ndipo mayina onse mumawandandalika pa mzere umodzi wa server_name, zomwe zimachepetsa mwayi woiwala www. Khalidwe lopereka yoyamba nakonso lilipo, koma mutha kulamula nokha polemba default_server pa mzere wa listen, n'kuwonjezera return 444 kuti mlendo wosadziwika angodulidwa osayankhidwa. Lamulo la nginx -t limakuuzani fayilo ndi mzere pomwe mwalakwitsa musanayatsenso seva. Pa zimenezi ndimaipatsa ulemu.

Koma sindinakhalitseko. Nginx siwerenga .htaccess, fayilo ya malamulo a Apache, ndiye malamulo onse omwe WordPress ndi Nextcloud zimadzilembera zokha muyenera kuwamasulira pamanja. PHP nayo imayenda padera kudzera mu PHP-FPM, ndipo dzina la socket yake, khomo lomwe imalumikizirana ndi Nginx, limakhala ndi nambala ya mtundu wa PHP. Mukachoka pa Ubuntu 22.04, yomwe ili ndi PHP 8.1, kupita pa 24.04 ya PHP 8.3, mzere wa fastcgi_pass umatsalira kuloza socket yakale, ndipo webusaiti iliyonse ya PHP imangoti 502 Bad Gateway mpaka mutasintha fayilo ndi fayilo. Palinso kamsampha kena: pa Ubuntu chilichonse chomwe chili mu sites-enabled chimawerengedwa, ngakhale fayilo yomwe mwaitcha .bak poisungira tsiku lina. Kwa munthu yemwe seva ndi ntchito yake ya tsiku ndi tsiku izi ndi zazing'ono. Kwa ine, yemwe ndimatsegula laputopu ija usiku ana atagona, zinali zolemetsa.

Caddy ndi yatsopano pa zonse, Matt Holt anaitulutsa mu 2015, ndipo mtundu wachiwiri unabwera mu 2020. Webusaiti yonse ya mlongo wanga mu Caddyfile imaoneka chonchi, ndangosintha dzina:

example.com, www.example.com {
    root * /var/www/telala
    file_server
}

Palibe mzere wa satifiketi chifukwa Caddy imakatenga yokha ku Let's Encrypt, bungwe lopereka masatifiketi kwaulere, pa dzina lililonse lomwe mwalemba, imatumiza alendo a HTTP ku HTTPS, ndipo imaitenganso yatsopano nthawi isanathe. Wina akabwera pa HTTPS ndi dzina lomwe simunalembe, kulumikizana kumangokanika. Sapatsidwa webusaiti ya munthu wina. Zija za kwaya ndi madiresi sizikanachitika mwanjira imeneyo.

Nkhani ya satifiketiyi musaipeputse. Masatifiketi a Let's Encrypt omwe ambirife timatenga amakhala masiku 90. Pa Apache ndi Nginx mumadalira certbot, pulogalamu ina yapadera yomwe imadzuka kawiri pa tsiku kuona ngati pali yofunika kusintha. Imagwira bwino, koma ikakanika chifukwa mwasintha china pa port 80, imakanika mwakachetechete. Kale Let's Encrypt inkatumiza imelo yochenjeza kuti satifiketi yatsala pang'ono kutha, koma inasiya mu June 2025. Tsopano wokuchenjezani ndi kasitomala. Ndipo mukamayesa mobwerezabwereza, dziwani kuti satifiketi ya mayina omwewo mumaloledwa kuitenga kasanu kokha pa sabata, choncho poyeserera gwiritsani ntchito seva yawo ya staging.

Tsopano chomwe chinandidyera ndalama, chomwe sichikhudza pulogalamu ina iliyonse mwa zitatuzi. Nditasamuka nyumba ndinalowa kampani ina ya intaneti. Ndinafunsa wogulitsa ngati ndingathe kuyendetsa seva yanga, iye anati palibe vuto, zonse zimatheka. Ndinalipira rauta, ndinalipira kuika, ndinalipira mwezi woyamba. Nditafika kunyumba ndinatsegula port 80 ndi 443 pa rauta, n'kulozetsa mayina onse ku IP yatsopano. Zii. M'nyumba mawebusaiti ankatseguka, koma kunja ayi, ndipo Caddy inkangodandaula mu log kuti yalephera kutsimikizira dzina. Ndinatha mausiku awiri ndikukayikira Caddyfile, firewall, ngakhale chingwe.

Yankho linali pa tsamba la rauta lomwe. Adiresi ya WAN, yomwe rauta imalandira kuchokera ku kampani ya intaneti, inayamba ndi 100.72, yosiyana ndi yomwe ndinkaona ndikafufuza IP yanga pa intaneti. Maadiresi onse oyambira 100.64 mpaka 100.127 anapatulidwa mu 2012 kuti makampani a intaneti azigwiritsa ntchito pa CGNAT, njira yomwe makasitomala ambiri amagawana IP imodzi ya IPv4. Tanthauzo lake n'lakuti geti lomwe ndinkatsegula linali lamkati, pomwe geti lakumsewu lili m'manja mwa kampani. Nditaimba foni anandiuza mosavuta kuti public IP ndi ya phukusi la bizinesi, yolipira mowonjezera mwezi ndi mwezi. Mtengo umenewu sunali pa kapepala komwe anandipatsa, ndipo wogulitsa uja sanautchule ngakhale ndinamufunsa za seva maso ndi maso. Mpaka lero zimandinyansa. Ndinalipira, chifukwa shopu ya mlongo wanga sikanakhala yotseka sabata ina.

Choncho musanakangane za Apache ndi Nginx, tsegulani rauta muone adiresi ya WAN. Ngati muli kuseri kwa CGNAT, satifiketi mutha kuipezabe kudzera mu DNS, pomwe mumatsimikizira umwini wa dzina ndi TXT record, koma pa Caddy zimafuna kuimanga mwapadera ndi xcaddy kuti mulowe plugin ya kampani yanu ya DNS, ndipo kuphweka kuja kumachepa. Komanso satifiketi payokha siitsegula geti, anthu akunja sadzakufikanibe. Njira yosalipira yomwe anzanga ena atenga ndi Cloudflare Tunnel: seva yanu ndi yomwe imalumikiza kunja, alendo n'kumadzera mu ngalande imeneyo. Imagwira, koma DNS ya dzina lanu iyenera kukhala kwa iwo, HTTPS imathera pa makina awo, ndipo pa phukusi laulere chinthu chimodzi chotumizidwa nthawi imodzi sichipitirira 100MB. Mukatenga njira imeneyi, mwayi waukulu wa Caddy umakhala wapita, ndiye khalani ndi pulogalamu yomwe mukuidziwa kale.

Ine pano ndinaika Caddy pageti, pa port 80 ndi 443. Webusaiti ya shopu imaipereka yokha. Kwaya ndi Nextcloud ndinazibwezera ku Apache, yomwe ikumvetsera pa port 8080 mkati mwa makina momwemo, Caddy n'kumaitumizira alendo ndi mzere umodzi wa reverse_proxy. Ubwino wake Caddy imadutsitsa Host osaisintha, kotero ma virtual host a Apache amasankhabe khomo loyenera, pomwe pa Nginx mumayenera kukumbukira kulemba proxy_set_header Host nokha. Zofunika kuwonjezera n'ziwiri: mod_remoteip kuti log ya Apache izionetsa IP yeniyeni ya mlendo, ndi kuuza WordPress kuti ikhulupirire X-Forwarded-Proto, apo ayi imangozungulira pa redirect osatseguka.

Ena anena kuti mapulogalamu awiri pa laputopu imodzi n'kudzichulukitsira ntchito, ndipo Caddy ili ndi php_fastcgi yomwe imayendetsa WordPress bwino. Sindikutsutsa. Koma Nextcloud imadalira .htaccess poteteza mafoda ake ndipo malangizo ake amalimbikitsa Apache, ndiye zithunzi za banja langa sindiziika pa malamulo omwe ndamasulira ndekha pakati pa usiku. Amene mukuyamba kumene, muli ndi public IP, ndipo mawebusaiti anu ndi masamba wamba kapena mapulogalamu oima paokha, ikani Caddy. Amene muli ndi WordPress yodzaza ndi ma plugin, khalani pa Apache, ndipo 000-default.conf musaichotse musanaike ina m'malo mwake. Nginx ndimailangiza kwa yemwe akufuna kudzapeza ntchito yoyang'anira maseva, chifukwa kumeneko adzakumana nayo ndithu, koma pa kabati yanga siibwereranso.