Oregon Trail: gemu yakalekale koma ana aikonda

Gemu iyi inayamba 1971 ku Minnesota m'dziko la America, ife tikusewera ya 1985 pa laputopu, zithunzi zachikale zedi koma ana pano pa Nchalo sakuisiya. Umakhala mu 1848, ugule ng'ombe, chakudya, zipolopolo, kenako ulendo wapangolo kuchoka Missouri mpaka Oregon. Pamtsinje usankhe wekha, kungowoloka kapena kulipira pantoni, ndiye mwana wakuno amene anaonapo mtsinje wa Mwanza utasefukira sachita kuuzidwa kuti ngolo ikokoloka. Kamwazinso amapha anthu munjira. Vuto chizungu, pamafunika wamkulu pambali, komanso eni nthaka akumeneko amangowatchula mwapatalipatali, zimenezi sizinandisangalatse. Bwenzi patakhala yakwathu, ya Mbona ku Khulubvi kapena Amakololo amene anatsala ku Chikwawa, ndikanagula tsiku lomwelo.