Galimoto ya mawaya kapena ya pulasitiki ya m'shopu?

Ife tinakula m'ma 1990 tikangoona chithunzi cha galimoto ya mawaya pa Facebook timayamba "eee koma kale kunali bwino", nanga mwana wathu akafuna choseweretsa timpatse iti?

Mtengo: yamawaya ndi yaulere, waya wotola, matayala a zitsekerero za mabotolo. Yapulasitiki ndalama, mabatire pambali.

Kulimba: yamawaya ikapindika umangoiwongola ndi mwala n'kubwerera pamsewu. Yapulasitiki tayala likathyoka basi yapita.

Koma tisaname, waya umabaya zala ndipo kupanga kumadya tsiku lonse, pomwe yam'shopu mwana amangotsegula n'kuyamba kusewera.

Wa zaka 3 mugulireni yapulasitiki. Wa zaka 8 mpatseni waya, chiwongolero chachitali chija apinde yekha, abambo musamulande.