Chikhadabo cha Mauser kapena bolt ya Remington? Funsani kaye khoko la chipolopolo

Loweruka lapitali chiperoni chinatitsekera pakhonde kwa malume ku Chigumula, ndipo tiyi asanazizire mkangano uja wa masiku onse, woti mfuti yodalirika ndi Mauser kapena Remington, unali utabuka kale. Malume anathera zaka zambiri kuchigwa cha Shire akuthamangitsa mvuu ndi nguluwe m'minda ya anthu, moti iwo mfuti amaiyesa ndi funso limodzi: chipolopolo chachiwiri chilowa kapena chikana? Alamu anga ali ndi Remington 700 ya .308 imene amainyadira kwambiri. "Alamu, imeneyo ndi yoomberera mapepala," anatero malume. "Mfuti yopanda chikhadabo sindingapite nayo m'bango."

Chikhadabo chimene amanenacho ndi cha Mauser 98, mfuti imene Paul Mauser anatulutsa mu 1898. M'mbali mwa bolt, chija mumakoka ndi kukankha polowetsa chipolopolo, muli chitsulo chachitali chokhala ndi mbedza yaikulu kutsogolo. Chipolopolo chikangodzuka m'magazini, thako lake limatsetserekera pansi pa mbedzayo, n'kugwidwa ulendo wonse mpaka m'chemba, kachipinda ka kuchiyambi kwa mpope komwe chipolopolo chimaphulikira. Mutembenuze mfutiyo chadodolido, muipendeketse, chipolopolo sichigwa. Mukabweza bolt musanafike nayo kumapeto, chipolopolo chimabwerera nayo limodzi. CZ 550 ndi BRNO zakale zija zimatsata njira yomweyi.

Remington 700, ya 1962, simagwira kanthu poyamba. Bolt imangokankha chipolopolo ngati mmene timakankhira wilibala, ndipo kambedza kake kakang'ono, kobisika kumaso kwa bolt, kamadumphira pa mkombero wa khoko, kachitini kosunga onga kaja, pokhapokha mukatseka. Apa ndi pamene malume ali ndi mfundo. Munthu akanjenjemera, n'kukankha bolt theka, n'kuibwezanso, chipolopolo choyamba chimatsala pakhomo pa chemba chopanda mwini. Akakankhanso, bolt imatola chachiwiri n'kukachiwombanitsa ndi choyamba chija. Mfuti yasanduka ndodo. Ndi chifukwa chake alenje ambiri anakwiya Winchester itachotsa chikhadabo pa mfuti yake ya Model 70 mu 1964, mpaka lero za chaka chimenecho chisanafike zimagulwa modula.

Koma alamu nawonso sanagone. Mu Remington mukhoza kuponya chipolopolo chimodzi m'chemba ndi dzanja n'kutseka bwinobwino. Mauser yeniyeni imafuna chipolopolo chichokere m'magazini. Mukaiumiriza kutseka pa chimene mwaika ndi dzanja, chikhadabo chimakana kudumpha mkombero, nthawi zina n'kuthyoka. Nanga chitsulo chimenecho mukachigula kuti ku Limbe? Remington ndi yosavuta kupanga, mtengo wake ndi wofikirika, ndipo kwa munthu wokoka bolt mwamphamvu mpaka kumapeto, imalowetsa zipolopolo bwino tsiku lonse.

Ine ndinawasiya akangane, chifukwa ndimaona kuti onse awiri akuyang'ana khasu n'kuiwala nthaka. Mfuti zambiri zimene ndaziona zikukakamira, vuto silinali bolt. Linali maonekedwe a khoko la chipolopolo, ndi mmene milomo ya magazini imalimasulira.

Tiyambe ndi chipolopolo cha mfuti ya .303 British, imene agogo athu ananyamula mu King's African Rifles, asilikali aja amene chipilala chawo chili ku Zomba. Bolt ya mfutiyo, yotchedwa Lee-Enfield, ndi yofewa kuposa zambiri za lero: mano ake otsekera ali kumbuyo, chogwirira chimangodzuka madigiri 60, ndipo magazini imatenga zipolopolo 10. Khoko la .303 ndi losongoka bwino, limalowa m'chemba ngati chikhomo m'dothi lonyowa. Tsoka lake ndi mkombero wotambalala kuthako. M'magazini, mkombero wa chipolopolo chapamwamba uyenera kukhala kutsogolo kwa mkombero wa chapansi pake. Mukasanja mosasamala n'kukhala kumbuyo, mikomberoyo imakolana, bolt n'kuima nji. Zinandichitikira ndili mnyamata, ndipo ndinanyoza mfutiyo tsiku lonse, pamene wolakwa anali ine.

.375 H&H Magnum ndiye mfumu pa nkhani yolowa mosalala. Holland & Holland ya ku London inaitulutsa mu 1912, nthawi imene onga unali wa cordite, wooneka ngati timitengo titalititali, umene mphamvu yake inkakwera kukatentha. Taganizani dzuwa la ku Nsanje mu Okutobala. Choncho anapanga khoko lalitali, la mamilimita 72, lochepa pang'onopang'ono kupita kutsogolo, ndi phewa (pamene khoko limachepa kukhala khosi) lotsetsereka la madigiri pafupifupi 15, kuti lisamatirire m'chemba likatupa. Chomwe chinapangidwira kutuluka mosavuta chinathandizanso kulowa. Phewa lotere silikwanira kuimitsa chipolopolo pamalo pake m'chemba, ndiye anaika kalamba kuzungulira thako. Kalambako ndi kakang'ono, sikakolana ngati mkombero wa .303. Pa .458 Winchester Magnum ya 1956, imene ilibiretu phewa, lambayo ndi wofunikadi. Pa ma magnum ena ambiri a phewa lalikulu, lamba anangotengera kwa makolo, ntchito yeniyeni alibe.

Za .30-06 ndi .308 palibe chonena chambiri, ndipo kumeneko ndiye kuziyamikira. Zilibe mkombero wotuluka, zilibe lamba, phewa ndi la madigiri 17.5 pa yoyambayo ndi 20 pa inayo. Zimalowa mu Mauser, zimalowa mu Remington. 9.3x62 imene Otto Bock anapanga mu 1905 ndi ya banja lomwelo, ndipo imakwana mu Mauser 98 wamba.

Zovuta zimayamba ndi makoko afupi onenepa a masiku ano, monga .300 WSM ya 2001. Khoko ndi la mamilimita 53 okha kutalika, koma m'mimba pafupifupi 14, pamene .30-06 ndi 12. M'mbali ndi moongoka ngati chitini, phewa ndi la madigiri 35. Kuti onga upse bwino ndiponso chipolopolo chilunjike, zimenezi ndi zabwino, sindikutsutsa. Koma m'magazini ya mizere iwiri, chipolopolo chimachokera chakumanzere kapena chakumanja, ndiye chiyenera kukhota kuti chipeze khomo la chemba. Khoko lalitali losongoka lili ndi mtunda wokhotera mwapang'onopang'ono. Lalifupi lonenepa limakhota mwadzidzidzi ngati minibasi yolowa pasiteji, phewa n'kugunda pakhomo. Mudzamva bolt ikudodoma m'dzanja. Magazini nayonso imangotenga zitatu nthawi zambiri. Mkombero wake ndi wocheperako kuposa thupi, ndiye sipuling'i ya magazini ikafooka, bolt ikhoza kudutsa pamwamba osatola kanthu.

Chodabwitsa n'chakuti mankhwala a vutoli achokera kumbali ya alamu. Mfuti ya Tikka T3, monga Remington yawo, ilibe chikhadabo cha Mauser, koma magazini yake ndi ya mzere umodzi, chipolopolo chimadzuka chitalunjika kale pakati pa chemba. Ngakhale khoko lonenepa limalowa osadandaula. Mauser 98 ndi yosiyana: milomo yomasula chipolopolo inasemedwa m'thupi la mfuti momwemo, molingana ndi khoko limodzi. Wina akasintha mpope n'kuika wa chipolopolo cha maonekedwe ena osakonzanso milomoyo, chikhadabo chija sichipulumutsa kanthu. Ndinaonapo Mauser yotere, yokongola kunja, yomwe chipolopolo chachitatu chinkadumpha kutuluka panja nthawi zonse.

Ndiye mukandifunsa, anzanga amene muli ndi laisensi ya kupolisi ndipo mukufuna mfuti imodzi yokha: kwa nguluwe ndi ntchito wamba, tengani .30-06 kapena .308 mu bolt iliyonse mwa ziwirizi, zipolopolo zake n'zosasowa kwambiri kuyerekeza ndi za WSM. Kwa woyang'anizana ndi mvuu kapena njati, ndili ndi malume: .375 H&H, ndi chikhadabo. Musanapereke ndalama, dzazani magazini ndi zipolopolo zoyesera zopanda onga, kokani bolt pang'onopang'ono, kenako mwaliwiro, kuyambira choyamba mpaka chomaliza. Chomalizacho ndiye chimakonda kuulula magazini yodwala.

Nditanena zimenezi malume anangogwedeza mutu. "Walankhula bwino, mphwanga," anatero, "koma alamu akowa asadzabwere nayo .308 yawo ku Chikwawa." Alamu anaseka n'kupempha tiyi wina.