QuSpin: Pulogalamu Yoonera Mmene Maatomu Ozizira Amayendera mu Optical Lattice

Kwa anzathu amene mukuphunzira fizikisi kuno ku Harare, kaya ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant kapena panokha kunyumba, QuSpin ndi yoyenera kuikidwa pa laputopu. Ndi yaulere, imayenda pa Python, ndipo anailemba Phillip Weinberg ndi Marin Bukov. Mukalemba pip install quspin kamodzi, intaneti simuifunanso, ndiye bandulo yanu yapulumuka.

Optical lattice imapangidwa pamene kuwala kwa leza kuwiri kwakumana maso ndi maso n'kupanga timaenje tondondozana momwe maatomu amakhalamo. Leza ya 1064 nm imapereka timaenje totalikirana 532 nm. Mukaimika mzerewo chilili, mphamvu yokokera pansi sigwetsa maatomu a rubidium-87 ayi. Amangopita n'kubwerera pa 0.88 ms iliyonse. Izi ndi ma Bloch oscillations, omwe anaonedwa pa maatomu a cesium ku Paris mu 1996, ndipo QuSpin imawaonetsa bwino kwambiri.

Yambani ndi boson_basis_1d, mupereke L, chiwerengero cha timaenje, ndi Nb, chiwerengero cha maatomu. Kudumpha kwa J, kuchoka m'kadzenje kena kupita koyandikana nako, kumalembedwa ndi "+-" ndi "-+", kukankhana kwa U, kwa maatomu okhala m'kadzenje kamodzi, ndi "nn", ndipo kupendeka kwa F, mphamvu yokokera maatomu mbali imodzi, ndi "n" wochulukitsidwa ndi nambala ya kadzenje. Nthawi ya ulendo umodzi imatuluka 2π/F.

Pamene ambiri amagwa ndi pa memory. Maatomu 8 m'timaenje 8 ali ndi makhalidwe 6,435, zomwe laputopu iliyonse imakwanitsa. Pa maatomu 10 m'timaenje 10 amafika 92,378, pa 12 ndi 1,352,078. Mukaitana eigh, yowerengera makhalidwe onse nthawi imodzi, pa 10, kompyuta ikufuna osachepera 68 GB ndipo imangouma. Gwiritsani eigsh, yowerengera makhalidwe ochepa okha, kupeza mkhalidwe woyambira, kenako evolve kuti muone mmene ukusinthira ndi nthawi. Kuchepetsa sps, nambala yoika malire a maatomu ololedwa m'kadzenje kamodzi, kumathandiza, koma U akakhala wochepa maatomu amaunjikana m'kadzenje kamodzi, ndiye sps wotsika amakupatsani yankho labodza mwakachetechete. Muwerengenso ndi sps wokwera, muone ngati zikugwirizana.

Mukaika F, musagwiritse kblock, njira yochepetsera mawerengero timaenje tonse tikakhala tofanana, chifukwa timaenje sitikhalanso tofanana. Komanso atomu imayenda timaenje tokwana 4J/F, choncho F akakhala 0.5J ikufuna timaenje 8 ndipo pa mzere waufupi imagunda kumapeto.

Chotidandaulitsa n'chakuti malangizo ake amayesa kuti mukudziwa kale fizikisi yake, woyamba kumene avutika. Dziwaninso kuti modelo ya J, U ndi F imene mwalembayo, yotchedwa Bose-Hubbard, ili ndi band (gawo la mphamvu za atomu) imodzi yokha, ndiye kuthawa kwa maatomu kudzera mu Landau-Zener (kulumphira ku band yapamwamba) ndi kutentha kobwera ndi leza simukuona.

Magetsi athu amazima osalawira. Gawani nthawi m'zigawo zazifupi, ndipo musunge wavefunction (mkhalidwe wa maatomu pa nthawiyo) ndi np.save chigawo chilichonse chikatha.