Katchaja ka batire ndi multimeter, papita miyezi ndikuzigwiritsa ntchito pa galimoto yongokhala

Katchaja kamene ndikunena ndi kaja kakang'ono komasiya pa batire nthawi yaitali, ena amati maintainer, kamapereka moto pang'onopang'ono ndiye batire likadzadza kamatsika kokha n'kumangolisunga pa ma volts 13 ndi kanthu. Ndinakagula limodzi ndi multimeter wamba, mita yoyezera magetsi, chifukwa galimoto yanga imatha miyezi osayenda, ukafuna kuiliza kumangomveka tche tche tche sitata osatembenuka. Masabata oyamba ndinkakatamanda katchajaka kwa aliyense, koma pano papita nthawi maganizo asintha pang'ono. Ndi kabwino ndithu pa ntchito yake, koma chimene chinapeza vuto lenileni ndi mita ija, ndipo katchaja kanatsala pang'ono kulibisa vutolo.

Ndiyambe ndi batire lomwe linali mu galimotoyo poyamba. Linali litakhala lopanda moto kwa nthawi yaitali, mita inaonetsa pansi pa ma volts 11, pomwe batire lodzadza likapuma limaonetsa 12.6, pa 12.2 lili theka, likafika 12.0 ndiye latsala pang'ono kutheratu. Katchaja kali ndi batani lakuti repair, ndinalidina, kanagwira usiku wonse kenako kagetsi kobiriwira kanayaka kusonyeza kuti ladzadza, koma poliza injini moto unagwa mpaka kutali pansi pa 9.6 pomwe batire lamoyo silimayenera kutsika kupyola pamenepo. Chimachitika ndi chakuti batire likakhala lakutha kwa miyezi, pa mapuleti ake pamauma timiyala ta lead sulphate, ndiye limafika msanga pa voltage yooneka bwino koma mkati mulibe mphamvu, katchaja kamangowerenga voltage yo n'kukunamizani. Batani la repair lija musalidalire ngati batire lagona lakufa miyezi yambiri, mwina limathandiza lomwe latha posachedwa. Ndinagula batire lina basi.

Ndi batire latsopano zinthu zinayenda bwino kwa nthawi, katchaja kali polumikiza usana ndi usiku, galimoto imalira kamodzi n'kamodzi. Magetsi a m'nyumba akathima n'kuyakanso kamayambiranso kokha osadikira kuti udine chilichonse, icho ndakakondera kwambiri, komanso sikatentha kwambiri. Koma nditakachotsa kwa masiku ochepa chabe batire latsopanolo linatsika mpaka cha pa 12.1, ndipo batire labwino silimataya moto msanga choncho palokha, pamwezi limangotaya pang'ono, kukatentha ndiye limafulumirako koma osati mpaka apo. Apa ndi pomwe ndinazindikira kuti miyezi yonse ija katchaja kamangothira madzi mu ndowa yobooka, moto umalowa uku kwina ukutuluka.

Ndiye mita inayamba ntchito yake. Kuyeza moto umene galimoto ikuba itazima sikovuta, mumachotsa theminolo ya negative, waya wofiira wa mita mumausunthira pa bowo la 10A, mita n'kuiika pakati pa batire ndi theminolo ija kuti moto wonse udutse mu mitamo. Chovuta ndi kudikira, magalimoto a masiku ano ali ndi makompyuta omwe sagona nthawi yomweyo ukazimitsa, ena amatenga mphindi 20 ena mpaka kupitirira theka la ola, ndipo mukangotsegula chitseko amadzukanso, inu n'kuyambiranso kudikira. Mita yangayi imazima yokha pakapita mphindi zochepa ndiye umangokhalira kuidzutsa, zimenezo zimatopetsa. Ndipo kiyi musamukhudze mita ili pakatipo, sitata imakoka ma amps oposa 100, fyuzi ya m'mita imapsa pompo.

Galimoto yabwinobwino ikagona imakoka pansi pa 50 milliamps, za wotchi, alamu ndi memory ya wailesi. Yanga inkakoka cha m'ma 300, omwe ndi 0.3 amp. Werengerani nokha, 0.3 kuchulukitsa ndi maola 24 ndi ma amp-hours opitirira 7 tsiku lililonse, batire la 45Ah ndiye kuti sabata imodzi latha. Ngakhale 50 yovomerezeka ija ndi 1.2 patsiku, pamwezi 36, n'chifukwa chake galimoto yopanda vuto lililonse imathanso kupezeka yakufa ikangokhala mwezi umodzi kapena iwiri osayenda, anthu ambiri izi sazidziwa amangothamangira kuti alternator, chipangizo chomwe chimatchaja batire injini ikamalira, yafa.

Ndinazula mafyuzi limodzilimodzi kuyang'ana ngati nambala itsike, wailesi, getsi la mu buti, la mu glovebox, zonse, nambala ili chomwecho osasuntha. Pomaliza ndinachotsa kaye batire n'kumasula waya wamkulu wa kumbuyo kwa alternator uja, kuukulunga bwino kuti usakhudze chitsulo, kubwezeretsa mita, nambala inagwera cha m'ma 30. Wakuba anali alternator yomweyo. Mkati mwake muli ma diode omwe ntchito yawo ndi kulola moto kupita mbali imodzi yokha, kuchoka ku alternator kupita ku batire, imodzi ikaonongeka moto umabwerera m'mbuyo galimoto itazima, ndipo mafyuzi ang'onoang'ono aja sangakuonetseni chifukwa waya umenewu sudutsa mwa iwo. Chodabwitsa n'chakuti injini ikamalira mita imaonetsa pafupifupi 13.9, mkati mwenimweni mwa 13.8 mpaka 14.5 momwe timati ikutchaja bwino, getsi la batire pa dashibodi silinayake ngakhale tsiku limodzi. Koma kuika mita pa AC, poyezera moto wosinthasintha mbali womwe ma diode amayenera kuuwongola, injini ikulira nambala inali yokwera, kupitirira theka la volt, pomwe alternator yabwino imaonetsa kochepa kwambiri. Amakanika anasintha rectifier yokha, kagawo komwe kali ndi ma diode aja, alternator yonse sinafunike kutaya, ndipo atatsegula anapezanso mabulashi ndi ma slip ring, timphete tomwe mabulashiwo amakhudzapo, ali ndi dzimbiri, zomwe zimachitika galimoto ikakhalitsa pachinyezi osayenda.

Pali kanthu kena kamene amakanika ena amakonda, kuchotsa theminolo ya batire injini ikulira, ati ikapitiriza kulira ndiye kuti alternator ili bwino. Pa galimoto yanga ndimakana zimenezo. Batire ndi lomwe limameza moto ukadumpha, mukalichotsa voltage imatha kukwera mwadzidzidzi n'kuwotcha kompyuta ya injini kapena ma diode omwewo, komanso vuto ngati langali njira imeneyo siikanalipeza chifukwa injini ikanapitiriza kulira bwinobwino. Chimodzimodzi zoti ingojampani muyende mtunda litchaja lokha, alternator anaipangira kubwezeretsa moto wochepa umene sitata yatenga, osati kudzutsa batire lakufa, imatentha kwambiri ikamalimbana nalo ndipo kuyenda theka la ola sikungalidzadze. Apa ndi pomwe tchaja ya pakhoma ili ndi ntchito.

Mita inandithandizanso pa zina zing'onozing'ono. Matheminolo anali ndi tiufa toyera tobiriwirako, ndinatsuka ndi bulashi ya waya, ndipo nditayeza pakati pa negative ya batire ndi chitsulo cha injini nyali zonse zikuyaka panali kusiyana koposa 0.2 volt, kusonyeza kuti waya wa ethi wadya dzimbiri pa bawuti, kupala n'kumanganso zinatheka. Lamba naye muzimuyang'ana, akakhalitsa amauma n'kumaterera. Mawaya muziwaunika ndi tochi chifukwa makoswe amakonda kumanga mu boneti ya galimoto yongokhala. Ndipo pa magalimoto akale, getsi la batire lija likapanda kuyaka mukatembenuza kiyi injini isanalire musasangalale, pa ambiri alternator imayambira kutchaja kudzera mu babu lomwelo, likapsa imatha kukhala chete mpaka mutaponda mafuta kwambiri. Atsopano ena ndi osiyana, kompyuta ndi imene imalamula alternator ndiye mutha kuona 12 ndi kanthu injini ikulira popanda vuto, yatsani nyali ndi fani muone ngati ikwere musanaweruze.

Zodandaula pa katchaja zilipo. Timano tomwe timaluma matheminolo ndi tofooka, sipuling'i ya kamodzi yayamba kale kulefuka, bola kumangirira tiwaya tokhala ndi mphete kumapeto pa batire kamodzi n'kumangolumikiza pulagi. Chingwe ndi chachifupi. Batire likatheratu kwambiri kamakana kuyamba ngati kuti palibe chomwe mwalumikiza, ndipo kachepa mphamvu, batire lotsika kalidzadza koma konzekani kudikira tsiku lonse kapena kupitirira. Mita nayo mawaya ake ndi omwe anayamba kutha, wakuda unaduka mkati pafupi ndi chogwirira n'kumaonetsa manambala odumphadumpha, ndinagula ena okhala ndi timano ndipo ndi abwino kuposa omwe anabwera nayo.

Kugulanso ndingagule zonse ziwiri, koma mita poyamba. Panopa galimoto imakoka cha m'ma 30 ikagona, ndimakachotsa dala katchaja nthawi zina kwa masiku angapo n'kuyeza m'mawa injini isanalire, ndimapeza pakati pa 12.5 ndi 12.6. Ngati komwe mumaimika kulibe soketi, tchajani batire lidzadze kenako chotsani theminolo ya negative, kungoti wotchi ndi masiteshoni a wailesi mudzatcheranso, ndipo mawailesi ena amafunsa code mukabwezeretsa ndiye ipezeni kaye musanamasule.